Maola Awiri ndi Theka Kukafika pa Chileka

Dinah Makwinja anali mzamba pa chipatala chaching'ono cha ku Chisenga, m'munsi mwa mapiri a Mafinga. Kwawo kunali ku Chiradzulu. Boma linamutumiza ku Chitipa atangomaliza maphunziro, ndipo anali atakhalako zaka zisanu ndi ziwiri. Chitumbuka anali atachidziwa mokwanira kupereka moni, kutonthoza mayi wobereka komanso kukalipira amuna obwera ndi akazi awo mochedwa.

Mayi ake anamwalira iye ali ku sekondale. Anatsala ndi bambo ake, a Makwinja, amene kale ankasoka zovala pakhonde la sitolo ku Limbe, ndi mlongo wake wamng'ono, Lyson. Lyson anapita ku Joni zaka zisanu ndi zinayi zapitazo ndipo kumudzi anangobwerako kamodzi. Foni ankaimba akafuna, mwina pa Khirisimasi, mwina ayi. A Makwinja atayamba kudwala nthenda ya kuthamanga kwa magazi, amene ankawasamala anali Dinah. Tchuthi chake chilichonse chinkathera kumeneko: masiku awiri popita, masiku awiri pobwerera, ndipo otsalawo ankachapa zofunda, kuwaperekeza ku sikelo ya akuluakulu ndi kukangana nawo za mchere.

Uthenga unamupeza Lachiwiri, mwezi wa February, mvula ili pachimake. Ku Chisenga netiweki inkapezeka bwino pamalo amodzi, pafupi ndi thanki ya madzi kuseri kwa wodi. Cha m'ma 11 koloko Dinah atapita kumeneko, anapeza kuti azakhali ake, a Elizabeth, amuimbira kasanu ndi kawiri. Anawaimbira.

"Iwe Dinah, foni yakoyi umaigwiritsa ntchito yanji?" anatero a Elizabeth. "Abambo ako agwa m'bafa m'mamawa. Pakamwa papotoka, mkono wamanja sukugwira. Tathamangira nawo ku chipatala chachikulu kuno ku Blantyre. Nyamuka lero lomwe."

"Akulankhula?"

"Pang'ono chabe. Usandifunse zambiri, nesi ndiwe. Bwera udzaone wekha."

Dinah anabwerera m'wodi. Pabedi panali mtsikana wa mimba yoyamba, amene matenda anamuyamba m'bandakucha ndipo zinthu sizinkayenda bwino. Mzamba mnzake, Tionge, anali atapita kwawo ku Wenya kukapuma masiku atatu. Pachipatala ponse panalibe wina wodziwa kuchiritsa mayi. Dinah anabwereranso ku thanki, namuimbira Tionge, ndipo Tionge sanafunse kawiri. "Phepani chomene, mnyane. Ndikubwera," anatero, akumupepesa mnzakeyo m'Chitumbuka. Koma mvula inagwa masana onse. Mtsikana uja anachira cha m'ma 4 koloko, kenako anayamba kutaya magazi, ndipo Dinah analimbana naye mpaka magazi ataleka. Tionge anafika dzuwa litalowa, atanyowa ngati wagwera mumtsinje. Pa nthawi imeneyo panalibe wa kabaza aliyense amene akanavomera kulowa mumsewu wa ku boma.

Lachitatu kusanache bwino, a Amos Kayange anafika ndi njinga yawo yamoto. Anali bambo wa zaka za m'ma 40, mlimi wa chimanga amene ankachitanso kabaza mvula ikamupatsa mpata. Anamanga chikwama cha Dinah kumbuyo ndi mphira, namupatsa jekete lawo.

"Amama anesi, gwirani zolimba. Msewu lero ngwakusuzga, wavuta zedi."

Sananame. Matope anali ofiira ndi oterera, ndipo kawiri konse anatsika n'kumakankha njinga. Pa kamtsinje kena madzi anali atakwera pamwamba pa mlatho, ndipo anthu anali ataima tsidya lino ndi tsidya lina kudikira kuti aphwe. Anadikira ola ndi theka. Dinah anakhala pa mwala, akuyang'ana kamtengo kamene a Amos anazika m'mphepete mwa madzi kuti aone ngati akutsika.

Pa boma anafika 10 koloko itadutsa. Basi yopita kummwera inali itachoka kalekale. Dinah anathamangira ku chipatala cha boma kukasainitsa fomu ya tchuthi. Mkulu wa anamwino anasaina osachedwa, namugwira dzanja, namuuza kuti ayende ndi Mulungu. Potuluka pageti foni yake inalira. Unali uthenga wa Lyson, ndi chithunzi cha tikiti.

"Achemwali, ndakwera kale. Pofika 12 koloko ndikhala ndili pa Chileka. Inu muli pati?"

Dinah anauwerenga kawiri, naika foni m'thumba osayankha. Atakweza maso anaona a Amos akumukodola, njinga ili yoliza kale.

"Amama, kwerani msanga. Anzanga a kabaza akuti pa bwalo pali ndege. Inabwera dzulo ndi mabwana a bungwe la zamadzi, ndipo ikubwerera masana ano. Akuti ikupita ku Blantyre."

"A Kayange, ndege ya eni ine ndikwera bwanji?"

"Kufumba nkhwiba yayi, kufunsa si kuba. Tiyeni tikafunse."

Bwalo la ndege la ku Chitipa ndi la dothi ndi udzu, ndipo miyezi imatha osaterapo kanthu. Tsiku limenelo mlonda anali kalikiliki kuthamangitsa mbuzi. Kumapeto kwa bwalo kunali ndege yoyera, yaing'ono, ya injini imodzi kutsogolo. Mayi wina wovala malaya oyera ndi buluku lakuda ankaizungulira, akugwira apa, kusuzumira apo. Ameneyo anali woyendetsa ndegeyo. Pakhomo la ndegeyo panali bambo wa taye, atanyamula faelo kukhwapa, akulangiza anthu awiri amene ankakweza katundu.

Dinah anapita kwa mayi uja poyamba. Anamupatsa moni, nanena dzina lake ndi ntchito yake, nafotokoza za bambo ake mwachidule. Woyendetsa ndegeyo anati dzina lake ndi Eva. Anali wa ku Zambia, ndipo ankalankhula Chinyanja cha ku Lusaka.

"N'zoona mukupita ku Blantyre?" anafunsa Dinah.

"Ee, pa Chileka."

"Mukafika nthawi yanji?"

"Kuchoka pano kukafika pa Chileka ndi makilomita pafupifupi 700, kuwongoka mlengalenga. Mphepo ikakhala bwino ngati lero, ndi maola awiri ndi theka. Tikanyamuka 12 koloko itangodutsa, isanakwane 3 koloko tatera."

Zaka zisanu ndi ziwiri Dinah anayenda ulendo umenewo mpaka msana kuuma, ndipo m'mutu mwake Blantyre anali masiku awiri. Sanaganizepo n'kamodzi komwe kuti munthu angadye nkhomaliro ku Chitipa, tiyi wa madzulo n'kukamwera ku Limbe.

"Malo alipo?"

"Mipando ilipo isanu ndi inayi, okwera ndi anayi," anatero Eva. "Koma mvetsani, sisita. Ine ndimangoyendetsa. Ndegeyi aibwereka ndi a bungwe. Iwo akavomera, ine ndingolemba dzina lanu papepala langa, basi, mukwera. Lankhulani ndi a Kelvin, a taye aja."

A Kelvin anali wamkulu wokonza maulendo a bungwelo. Anamumvetsera Dinah bwinobwino, akugwedeza mutu, ndipo atamva kalankhulidwe kake anamufunsa kwawo.

"Ku Chiradzulu, cha ku Namitambo."

"Aa! Ine ndine wa ku Mbulumbuzi. Ndife a kumodzi, mayi. Mukutani kuno kumapeto kwa dziko?"

"Ntchito, achimwene. Chonde, ndithandizeni. Ndilibe katundu, n'kachikwama aka kokha. Ndikhala kumbuyo kwenikweni, sindilankhula ndi munthu."

Nkhope ya a Kelvin inasintha. Anatsegula faelo yawo, naitsekanso.

"Mayi, mtima ndili nawo, koma malamulo athu ndi ovuta. Mayina a okwera tinatumiza kale ku likulu sabata yatha. Inshuwalansi imateteza okhawo amene ali pamndandanda. Kutachitika kanthu m'njira, ine ndikayankha chiyani?"

"Oyendetsa akuti dzina atha kulemba pompano."

"Iwowo atha kulemba, koma wosaina ndine."

"Ndiye imbani ku likuluko. Auzeni kuti ndine nesi wa boma, bambo anga ali kayakaya."

A Kelvin anatulutsa foni, nayenda chapatali, foni ili kukhutu. Anaima atatembenukira kumapiri. Dinah sanaone milomo yawo, ndipo mpaka lero sadziwa ngati anaimbadi. Patapita kanthawi anabwerera akupukusa mutu.

"Sakuyankha. Ayenera kuti ali mumsonkhano."

"Nanga alendo anuwo? Si ndiwo mabwana? Ndiwapemphe ndekha akafika."

"Ayi, ayi, mayi, musayerekeze." Anatsitsa mawu. "Chaka chatha mnzanga anachotsedwa ntchito chifukwa chonyamula wodwala pa galimoto ya bungwe. Wodwalayo anachira, mnzangayo mpaka pano ali pakhomo. Ine kontilakiti yanga ikutha mwezi wamawa, ndipo amene akaone ngati ndipitirize ndi alendo omwewa. Ndili ndi ana atatu. Mukandichititsa manyazi pamaso pawo, mwandiphera banja."

Pamenepo Dinah anagwada. Anagwada m'matope momwemo, pamaso pa mlonda, pa okweza katundu ndi pa a kabaza amene anabwera kudzaonerera ndege. Ena mwa iwo ankamudziwa, popeza iye anawachiritsirapo akazi awo.

"Achimwene, ndagwira mwendo wanu."

"Dzukani, mayi, dzukani! Anthu aona ngati chiyani?" A Kelvin anamukoka mkono, maso ali kumsewu, chifukwa galimoto yoyera inali ikukhota kulowa pabwalo.

Munatsika alendo atatu ochokera kunja, amuna awiri ndi mayi mmodzi wa imvi, nkhope zitapsa ndi dzuwa. Mayi wa imviyo anaona Dinah, namwetulira, nati "Muli bwanji" mwa Chichewa chake chophunzira dzulo. Kenako anafunsa a Kelvin m'Chingerezi kuti ameneyu ndani. A Kelvin anayankha m'Chingerezi chomwecho, mosadodoma, kuti ndi nesi wa m'deralo amene wabwera kudzathokoza chifukwa cha mijigo ndi kudzatsanzikana nawo.

Dinah anamva liwu lililonse. Chingerezi ankachidziwa bwino, mwina kuposa a Kelvin. Mayi uja anali patsogolo pake, dzanja atatambasula. Zikanangofunika mawu ochepa. Koma kumbuyo kwa mlendoyo kunali maso a a Kelvin, akumupempha ngati mmene iye anawapemphera, ndipo moyo wake wonse Dinah anaphunzitsidwa kuti nkhani sidumpha wamkulu amene ali pafupi. Anagwira dzanja la mlendoyo, nawafunira ulendo wabwino. Mayiyo anamusisita paphewa, nakwera.

Katundu womaliza anali wa a Kelvin: khofi wa ku Misuku, zigubu ziwiri za uchi ndi thumba la nyemba. M'malo oika katundu munali mutadzaza, choncho Eva analamula kuti thumbalo aliike pampando ndipo alimange lamba kuti lisagubuduke. Dinah anaona zonsezi pakhomo la ndege. Eva asanatseke chitseko anamuyang'ana, natukula mapewa pang'ono, nati, "Pepani, sisita."

Ndege inanyamuka mphindi makumi awiri itadutsa 12 koloko. Inathamanga pa udzu, madzi akuthovoka m'matayala, kenako inakwera, inakhotera kummwera, n'kulowa m'mitambo.

A Amos analavula pansi. "Ntchunga zakwera ndege, munthu wakhala," anatero, akunena nyemba zija. "Ndipo ndi munthu wakwanu! Ise tikanakhala ife..." Anavula chipewa, napukuta nacho matope pachikwama cha Dinah, namutengera ku depoti. Kumeneko anakana kubwerera mpaka atamuona atakhala m'minibasi.

Minibasi ya ku Karonga inadikira kudzaza mpaka 2 koloko. Ili pamenepo, Lyson analemba kuti wafika, ali pambali pa bedi. Itatsala pang'ono kukwana 3 koloko, Dinah anayang'ana wotchi yake ya kuntchito. Minibasi inali itaima pa Kapoka, kondakitala akukangana ndi mayi wina za matumba a chimanga. Nthawi imeneyo thumba la nyemba lija linali likutera pa Chileka.

Pa Karonga anafika dzuwa litapendeka. Anapeza basi yochokera ku malire a Songwe, yodzaza ndi amalonda ndi mabelo awo, yopita ku Lilongwe. Asanakwere, Lyson anaimba.

"Achemwali, adzuka. Akukufunsani. Dikirani ndiwaikire foni kukhutu."

Kunamveka kupuma kolemera, kenako mawu olemera lilime, ngati a munthu wolankhula ali ndi madzi m'kamwa.

"Dayina... uli pati?"

"Ndili m'njira, ababa. Ndili pa Karonga."

"Karonga." Anapuma movutikira. "N'kutali."

"Mawa ndifika, ababa. Mundidikire. Mankhwala akupatsani? Mwadya?"

Dinah anamva Lyson akunena kuti atopa, aziwasiya apume, ndipo foni inaduka. Kondakitala anali akumenya kale m'mbali mwa basi.

Basiyo inayenda usiku wonse ndipo inafika ku Lilongwe Lachinayi kutacha. Dinah anatsika mapazi atatupa, nakwera ina ya ku Blantyre. Foni inalira ali pa Ntcheu, anthu ogulitsa mbatata ndi kabichi atazungulira mawindo. Anali a Elizabeth, ndipo Dinah anamva kulira asanamve mawu.

"Atisiya, Dinah. Cha m'ma 10 koloko."

Mayi amene anakhala naye pampando anamva, namupatsa chitenje kuti afunde kumutu. Dinah sanalire mokweza. Pansi pa chitenjecho ankawerenga maola. Kuchokera 3 koloko ya dzulo kufika 10 koloko ya lero anali maola khumi ndi asanu ndi anayi. Akanawasambitsa, akanawatembenuza, akanafunsa adokotala mafunso oyenera. Mwina sakanawapulumutsa, ankadziwa zimenezo monga nesi. Koma akanakhalapo.

Ku chipatala anafika 2 koloko masana, nawapeza abale ali pa udzu pafupi ndi nyumba ya chisoni. Lyson anali atanenepa, atavala jekete lachikopa. Anamuthamangira, namukumbatira, nalira ngati mwana.

"Achemwali, dzulo madzulo anali bwinobwino. Anadya phala, ndinawadyetsa ndekha. Ndinawapepesa zonse, zaka zonse zija, ndipo anandigwira mutu n'kunena kuti palibe mlandu. Mulungu ndi wabwino, anandipatsa mpata." Anapukuta mphuno. "Koma ankangoyang'ana kukhomo. Nesi aliyense akalowa, ankayesa ndinu."

Ananena zimenezi pofuna kumutonthoza. Dinah anamuchotsa manja pang'onopang'ono, napempha kuti akaone thupi.

Maliro anaikidwa Loweruka ku Namitambo. Mkulu wa mpingo amene analankhula m'malo mwa banja anayamikira anthu ambiri, koma pa Lyson anakhalitsapo. Anati achinyamata atengerepo phunziro: mwana uyu anamva uthenga ali kunja kwa dziko, ndipo tsiku lotsatira anali atagwira kale dzanja la bambo ake. Anthu anavomereza ndi mitu. Za Dinah anangoti mwana wamkazi nayenso wafika kuchokera kumpoto.

Tsiku lotsatira, amayi ali kuseri kwa nyumba akutsuka mbale zobwereka, a Elizabeth anayamba, osayang'ana munthu.

"Dziko lake ndi lomweli. Wa ku Joni, wodutsa malire ndi pasipoti, anafika n'kudyetsa bambo ake phala. Wa m'Malawi momwemuno anafikira ku nyumba ya chisoni."

Amayi ena anaweramitsa mitu. Dinah anaika pansi mbale imene anali kutsuka.

"Azakhali, Lyson anakhala pampando maola awiri, akumupatsa tiyi. Ine ndinayenda maola oposa makumi atatu. Ndinakankha njinga m'matope, ndinadikira mtsinje, ndinagwadira munthu pamaso pa anthu. Ku Joni n'kutali kawiri kuposa ku Chitipa, koma kumeneko kumachoka ndege ya aliyense wogula tikiti. Kwathu kuja kulibe."

"Wamva? Akuti kwathu kuja," anatero a Elizabeth kwa mayi woyandikana nawo. Kenako anatembenuka. "Ine za ndege sindizidziwa. Chimene ndikudziwa n'chakuti ndinakuimbira Lachiwiri m'mawa. Ukananyamuka Lachiwiri, Lachitatu ukanawapeza."

"Ndinali ndekha pachipatala. Panali mtsikana akuchira, anataya magazi ambiri. Ndikanamusiya akanafa."

"Ndiye unasankha wekha. Wa eni ali moyo, ako tawaika dzulo. Usamanamizire msewu."

Dinah anayang'ana manja ake onyowa. Anafuna kuwakumbutsa za zaka zisanu ndi ziwiri za tchuthi, za zofunda zimene anachapa pa mwala womwewo umene anaikapo mbale. Koma anaona kuti onse amene anali pamenepo ankazidziwa kale, ndipo sizinasinthe kanthu. Anapukuta manja pachitenje, nalowa m'nyumba.

Madzulo a tsiku lomwelo Lyson anamupeza atakhala pakhonde, pafupi ndi makina osokera a bambo awo amene anali atafunditsidwa nsalu. Anamufunsa za kugwada kumene anatchula, ndipo Dinah anamufotokozera zonse: Eva, a Kelvin, mayi wa imvi, thumba la nyemba. Anali asanauzepo munthu.

Lyson anamenya ntchafu. "Aa, achemwali! Mzungu anali pomwepo, n'kukupatsani dzanja, inu osanena? Anthu aja savuta. Mukanangoti bambo anga akumwalira, akanakutengani. Vuto lathu a Malawi ndi limeneli, ulemu wopusa."

"Ndikudziwa," anatero Dinah.

"Ine ndikanakhala ine..."

"Ndati ndikudziwa, Lyson."

Kenako Lyson anayamba kunena kuti ku Joni anesi amafunika kwambiri m'nyumba zosamalira okalamba, kuti iye ali ndi anthu odziwana nawo, kuti munthu wophunzira ngati iye sayenera kuwolera kutchire. Dinah anamufunsa kuti okalamba akewo ndi a yani, popeza wake anali atamuika kale.

Dinah ndi Lyson ananyamuka tsiku limodzi, Lachitatu lotsatira. Galimoto ya msuweni wawo inasiya Dinah pa depoti ya Wenela, n'kupitirira ndi Lyson ku Chileka. Madzulo, basi ya Dinah isanafike n'komwe pa Kasungu, uthenga unalowa: "Ndafika bwino, ndili m'nyumba. Inu?" Sanauyankhe. Ku Chisenga anafika Lachisanu masana, pa njinga ya a Amos. Tionge anamulandira pakhomo la wodi, namukumbatira, namufunsa ngati anawapeza. Dinah anapukusa mutu, napita kukasintha zovala, chifukwa pabenchi panali amayi oyembekezera khumi ndi awiri.

Miyezi inapita. A Elizabeth anaika mwana wawo wamwamuna m'nyumba ya a Makwinja, ndipo Dinah anamva zimenezi kwa anthu ena. Sanafunse. Tchuthi chake chitakwana mu October, Tionge anamufunsa tsiku lonyamuka, iye nati sapita kulikonse. Mwezi wonsewo anakhala pakhomo pake, akugaula kamunda kamene a Amos anamubwereka kuseri kwa sukulu. Anthu anazolowera kumuona ndi khasu, ndipo ena anayamba kumufunsa ngati wasiya ntchito.

Mafoni a Lyson sankawayankha. Anayankha tsiku lina mu November, atapita ku thanki kukatumiza malipoti a mwezi, foni n'kulira ili m'manja.

"Achemwali! Mpaka liti? Ndakulakwirani chiyani ine?"

"Palibe. Nena chimene waimbira."

Lyson anati iye ndi azakhali agwirizana zomanga chiliza chaka chamawa, mvula ikatha. Tsiku lenileni anali asanasankhe, chifukwa zinkadalira nthawi imene abwana ake angamumasule. Mwina adzangodziwa kwatsala masiku awiri, koma zimenezo si vuto, adzangokwera n'kubwera.

"Inunso mudzabwere, achemwali. Musadzachitenso zija."

Dinah anayang'ana mapiri a Mafinga, amene anali atayamba kusonkhanitsa mitambo.

"Mukadzasankha tsiku, mudzandiuze kudakali sabata yathunthu," anatero. "Ine ndimakhala kutali."

Anadula foni, natumiza malipoti ake, nabwerera m'wodi.